Achemwali, za sinki ya kubafa ija

Eee achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoti ndilankhule, zolemba zingandichulukire. Zithunzi zitatu za masinki mwaponya pagulupu zija ndaziona: ya mwendo, yopachika pakhoma, ndi ija yokhala pa kabati yoyera imene alamu aikonda ali ku Joni. Mwafunsa kuti mugule iti. Ine ndikuti tengani ya mwendo, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku zinthu za kuseri ndi za pansi pake, zimene mlendo saziona.

Ya kabatiyo ndi yokongola, sindikukana ayi. Koma mukapitanso ku hadiweya kuja mukatsegule kachitseko, muone thabwa lake. Zambiri zimakhala za chipibodi, utuchi womata ndi guluu basi. Paipi ikangoyamba kudontha mkatimo, inu simudziwa, thabwa limamwa madzi, kutupa, kenako kuyamba kunyenyeka kuyambira pansi. Chiswe cha kuno nachonso sichichedwa kumva chinyezi. Alamu akaumirira, kuli bwino mmisiri amange kashelefu ka konkire, amate matailosi, sinki ikhale pamwamba pake.

Yopachika pakhomayo vuto lake ndi lina. Kulemera kwake konse kuli pa mabawuti awiri okha, ndipo nyumba yanu mwamangira mabuloko a simenti, aja a mphako mkati. Bawuti ikagwera pa mphako imangogwira kachikhungu kopyapyala. Tsono ganizirani za pakhomo panupo. Ana atsamira potsuka mkamwa. Koma chachikulu ndi kutawaza. Munthu wadzuka mbandakucha kuti aswali, tulo tili m'maso, wasamba m'manja, kumaso, kenako wakweza phazi kuliika mu sinki, thupi lonse latsamira pomwepo. Masinki ambiri kuno amathothoka choncho, ndipo seramiki ikasweka imacheka koopsa, mwendo uli momwemo. Ngakhale ya mwendoyo sanaipangire zimenezo. Muuzeni pulambala aike mpopi wina wapansi, wofika m'bondo, pafupi ndi potulukira madzi a shawa, ndi kampando ka simenti, mwa mtundu uja wa kumzikiti. Anganga akabwera kuchokera ku Namwera adzakuthokozani, chifukwa kukweza mwendo pa msinkhu wawo uja ndi chintchito.

Pogula musalole kuti akupatseni ili m'katoni yomata. Atsegule. Muigogode ndi chala mmene amayi ankayesera mtsuko pamsika: yabwino imalira mokoma, ya mng'alu imangoti phu phu, ngakhale mng'aluwo usakuoneka. Muyendetse dzanja mkati monse, pasakhale pokhakhala. Muiike pa mwendo wake pomwepo muone ngati ikukhala bwino osagwedera, chifukwa ena amakuphatikizirani mwendo wa mtundu wina. Isakhale yosaya, madzi amathovukira pa zovala. Ikhalenso ndi kabowo kam'mwamba kaja kothawira madzi akadzaza. Ndipo chonde, isakwere kabaza.

Za mpopi, mwati akukunyengererani kugula mikisa, mpopi uja wosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Giza mulibe, ndiye mikisa ya chiyani? Komanso imafuna madzi amphamvu. Thanki ikakwera mamita 10 m'pamene imapereka mphamvu ya madzi yokwana 1 bar, ndiye ya pa mamita 5 ndi theka lake chabe, ndipo mikisa yambiri pamenepo imangotulutsa kamadzi kowonda. Gulani mpopi wamba umodzi, wa mkuwa, wolemera mukaunyamula m'manja. Yopepuka yonyezimira ija imathyoka pa mazinga pomanga pomwe. Wamba uja ukayamba kudontha mumangosintha kalabala ka mkati, nkhani yatha, bilu ya Water Board osakwera. Sinkiyo ikhale ya bowo limodzi la mpopi, kuti lina lisatsale pululu.

Tsopano pomanga, apa mumvetsere bwino, mwina mumuseweretse pulambalayo voice note imeneyi. Mapaipi alowe m'khoma matailosi asanamatidwe, ndipo atsegule madzi tsiku lathunthu muone ngati pali pochucha musanatseke ndi pulasitala. Pamene padzalowe mabawuti, mphako za mabulokozo azidzaze ndi matope a simenti ziume kaye. Inde, ya mwendo nayonso imamangidwa kukhoma, mwendo umangothandizira ndi kubisa mapaipi. Kutalika kwake, kuchokera pa matailosi a pansi kufika pamlomo pa sinki, ndi masentimita 80 mpaka 85. Nchifukwa chake ayambe wamata pansi, apo ayi mwendo udzapezeka wautali kapena wolendewera. Aike levulo, osati kuyeza ndi maso. Pomanga manati aike mawashala a labala ndipo asalimbitse mwaukali, seramiki imang'aluka. Mpata wa pakati pa sinki ndi khoma atseke ndi silikoni. Akatenga simenti mumuletse, tsiku lodzachotsa mudzachita kuswa.

Pali tinthu tiwiri timene amisiri ena amadumpha kuti ndalama itsale m'thumba. Koyamba ndi angle valve, kampopi kakang'ono ka pansi pa sinki. Popanda iko, mpopi ukawonongeka usiku mutseka madzi a nyumba yonse. Kachiwiri ndi trap, kachibotolo kapena kapaipi kopindika kaja. Mmenemo mumatsalira madzi pang'ono nthawi zonse, ndipo madziwo ndi amene amatsekereza fungo la kudzenje ndi mphemvu kuti zisakwere. Wina amangolumikiza paipi yowongoka kutulutsa kunja, ndiye ndi kutentha kwa Mangochi mu October, bafa lonse kununkha, inu nkumakalipira ana kuti sakukolopa. Tengani ya botolo yapulasitiki, yomasula ndi manja. Paipi yotulutsa madzi ikhale ya 40 mm, yotsetsereka masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse. Ikagona chabe, sopo amaundana mkati.

Madziwo kunja asangotayikira kuseri kwa nyumba, muweta udzudzu. Apite ku gully, kabokosi kolandirira madzi akuda kunja kwa khoma kaja, kenako ku dzenje la miyala. Kwanuko ndi kufupi ndi Shire, madzi a pansi sali patali, mukukumbukira mmene nyanja inadzazira mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mbali mwake. Dzenje lozama kwambiri nthawi ya dzinja limadzaza lokha, ndiye likhale lotambalala, komanso litalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa.

Kusamala kwake sikovuta. Sopo wamadzi ndi kasiponji, basi. Mtsikana wanu uja mumuuze kuti sitilu wulu, mchenga ndi phulusa ndi za mapoto. Zikakanda kunyezimira kuja sikubwereranso, ndipo litsiro limayamba kukakamira m'mikwingwirimamo. Mukamathira m'thanki madzi a pamjigo, muona zoyera zouma kuzungulira mpopi, ndi mchere wa m'madzimo. Nyowetsani kansalu ndi viniga kapena madzi a mandimu, kulungani pampopipo kwa kanthawi, kenako tsukuluzani. Koma viniga ndi Jik musaphatikize, mpweya wake umapweteka m'chifuwa, makamaka m'bafa la kawindo kamodzi ngati lanulo.

Madzi akayamba kutsika mochedwa musathamangire kugula mankhwala. Ikani ndowa pansi, masulani kachibotolo kaja, mupezamo tsitsi, sopo ndi mchenga wa ana ochokera kunyanja. Tsukani, bwezerani, onetsetsani kuti kalabala kake kakhala bwino. Kukamwa kwa mpopi kukakhala kasefa, nakonso muzikamasula, kamagwira timiyala madzi akabwera atasiya. Ndipo akasiya, muzionetsetsa kuti mpopi watsekedwa musanagone, chifukwa amakonda kubwera pakati pa usiku. Mukachokapo milungu ingapo, pobwera mutsegule mpopi pang'ono, trap imakhala itauma.

Pulambalayo musamulipire yonse lero. Theka poyamba, yotsalayo madzi akayenda masiku awiri, mutayala nyuzipepala pansi pa sinki nkuipeza youma. Asanabowole khoma mundijambulire pamene walemba ndi pensulo, ndione. Moni kwa ana.