Anti ndithandizeni: ndikumaliza sosholoje koma mtima wanga uli ku kitchini

Anti, ine ndi mtsikana wa zaka 23, ndili chaka chomaliza ku UNIMA ku Zomba, ndikupanga sosholoje. Zaka zonsezi ndakhala ku Chikanda pa lendi, ndiye kuyambira chaka chachiwiri ndinayamba kuphika zogulitsa kwa anzanga, poyamba masamusa ndi zitumbuwa kenako mpunga wa nkhuku Lachisanu lililonse, mpaka ndalama yake ndi imene yakhala ikundilipilira nyumba. Sukulu ndimaikonda ndithu, makamaka kafukufuku amene ndikulemba wa amayi ogulitsa masamba mu msika wa Zomba, koma ndikagwira mpeni ndi anyezi ndi pamene ndimamva kuti ndili moyo. Ndikufuna ndikamaliza ndipite ku Cape Town kukaphunzira ushefu. Bambo anga atamva anangoti "ndiye digiri yonseyi ukaphikire anthu?" ndipo mpaka lero nkhaniyi sitinaikhudzenso. Ndipange bwanji?

Wodandaula, Chikanda

Mwanangu, zikomo polemba. Munthu amene walipira lendi ndi mphika kwa zaka zitatu, ine sindingamuuze kuti akungolota. Luso uli nalo. Koma ndikupempha chinthu chimodzi, usanalipire ndi tambala yomwe ku sukulu ya kunja, kaye kalowe mu kitchini ya hotela kapena lesitilanti kuno kwathu miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale akamakulipira zochepa.

Chifukwa chake ndi ichi. Kuphikira anzako 30 pa mbaula, iwe mwini ukusankha tsiku ndi ndiwo, n'kosiyana kwambiri ndi ntchito ya mu kitchini ya hotela. Kumeneko umayamba pansi penipeni, kusenda thumba lonse la mbatata, kudula anyezi mpaka maso kufiira, kukwecha mapoto, kuima kuyambira m'mawa mpaka usiku mapazi kutupa, ndipo Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano anzako akusangalala iwe uli pa moto, shefu wamkulu akukuwa kuti mbale ya tebulo 4 yachedwa. Ena amalowa n'kupeza kuti ndi kwawo, ena sabata yachitatu amadziwa kuti amakonda kuphika koma ntchitoyo ayi, ndipo kudziwira zimenezi ku Blantyre kapena ku Mangochi n'kotchipa kusiyana n'kudziwira ku Cape Town fizi utalipira kale m'maranda. Ufunsenso ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, amaphunzitsa zophika, ndipo Mzuni ili ndi maphunziro a zokopa alendo ndi mahotela. Pepala la kuno ndi kalata ya shefu amene wakuona ukugwira ntchito zimalemera ukamafunsira malo kunja.

Za Cape Town, masukulu alipodi, monga Silwood ku Rondebosch ndi Capsicum imene ili ndi nthambi m'mizinda ingapo ya ku South Africa. Uwalembere wekha, usadutse kwa ma ejenti a pa Facebook olonjeza malo ndi ntchito. Ufunse fizi ya chaka chonse, ngati mipeni ndi yunifomu zili momwemo, ndi pepala lomwe amapereka pomaliza, ngati ndi la City & Guilds kapena lina lodziwika kunja kwa dzikolo. Pamwamba pa fizi pali lendi, thiransipoti ndi medical aid ya komweko, imene amafuna usanapatsidwe study visa. Visa imeneyo ufunsire uli kuno ku Malawi, kalata ya sukulu ili m'manja, usalowe ngati mlendo n'kumati ukasintha uli konko, ambiri zawavuta. Imalola kugwira ganyu maola 20 pa sabata basi, ndiye usawerengere kuti ganyuyo akulipilira sukulu. Ukumbukenso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali ndi ana kunja analira, ndiye bajeti yako ikhale ndi mpata. Ngati unatenga loni ya boma ya ophunzira, nayonso ikudikira kubwezedwa.

Digiriyo malizitsa bwinobwino, kafukufukuyo umulembe ndi mtima wonse. Amayi a mu msika amene ukucheza nawowo akukuphunzitsa zimene ophika ambiri sadziwa, kuti tomato amachokera kuti, amadula mwezi uti, ndani amakongoza ndani, anthu amadya chiyani ndalama ikatha pakati pa mwezi. Tsiku limene udzatsegule malo ako udzagula kwa anthu ngati amenewo ndipo udzalemba ntchito ana awo.

Bambo ako usawaone ngati mdani. M'badwo wawo khukhi anali munthu wovala apuloni kunyumba kwa bwana, wolandira malipiro osakwana thumba la chimanga, ndiye akamva "kuphika" akuona mwana wawo akubwerera kumene iwo anavutika kuti amuchotse. Mawu okha sawasuntha. Ukapita ku holide uwaphikire chambo ndi mpunga wa Kilombero mmene umaphikira makasitomala ako, akamaliza kudya uwaonetse kope lako la malonda, zimene unagula, zimene unagulitsa, lendi imene walipira wekha, kenako pepala la ndondomeko yako ya zaka ziwiri. Ngati pali amalume kapena azakhali amene bambo amawamvera, akhalepo tsiku limenelo.

Ukatha mwezi woyamba mu kitchini undilemberenso, ndikufuna ndimve mmene mapazi akuchitira komanso ngati ukudzukabe ndi chilakolako chopita ku ntchito.

Anti