Bandi ikalowa m'bwalo anthu n'kunyamuka: chofunika kukonza n'chiyani?

Mchemwali wina amene akuphunzira pa koleji yaing'ono ku America walemba imelo. Iye amaimba lipenga m'bandi yoguba ya anthu 60, ndipo akudandaula kuti nthawi yopuma ikakwana pa masewera a American football, oonerera amathamangira kukagula chakudya. Akufunsa kuti atani kuti anthu azikhala pansi n'kuonerera.

Achemwali, yambani mwakwera pamwamba penipeni pa mipando ya oonerera, anzanu akuyeserera, n'kujambula ndi foni. Bandi zambiri zimakonza zinthu zooneka bwino kwa amene waima pa udzu, pomwe woonerera ali patali ndiponso pamwamba. Kwa iyeyo mzere wokhota pang'ono umaoneka msanga kuposa luso la zala zanu.

N'chifukwa chake phazi ndiye maziko. Bwalo lili ndi mizere pa mayadi 5 alionse, ndipo bandi zambiri zimaponda masitepe 8 kuchoka pa mzere wina kufika pa wina. Sitepe iliyonse ndi mainchesi 22.5, pafupifupi masentimita 57. Wamtali afupikitse phazi, wamfupi atalikitse. Munthu mmodzi akamaonjeza inchi imodzi pa sitepe, pofika masitepe 16 amakhala atatuluka mumzere ndi masentimita 40, ndipo bwalo lonse limamuona. Aliyense akhale ndi kabuku kolembamo pomwe ayenera kuima pa chithunzi chilichonse chomwe bandi imapanga pabwalo.

Ndi anthu 60 musalimbane ndi zithunzi zovuta. Zilembo zitatu kapena zinayi za dzina la koleji, anthu 15 kapena 20 pa chilembo, zimawerengeka bwino. Bandi ya yunivesite ya Ohio State yakhala ikulemba dzina loti Ohio pabwalo kuyambira 1936, ndipo chomwe anthu amadikira ndi kanthu kamodzi: woimba sousaphone (lipenga lalikulu lozungulira thupi) mmodzi amatuluka monyadira, kukaima ngati kadontho ka pa "i", n'kuwerama. Pezani kanthu kanukanu kotere, muzikabwereza masewera alionse mpaka oonerera akazolowere.

Vuto lomwe limasokoneza ambiri ndi kuchedwa kwa phokoso. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo bwalo ndi lotambalala mamita 49. Nyimbo ikakhala yothamanga, kuchedwa kumeneku kumamveka ngati bandi ziwiri zikukangana. Oima kumbuyo akamamvera a kutsogolo amatsalira, ndipo nyimbo imang'ambika. Mankhwala ake ndi awa: ang'oma ndi onse a kumbuyo aziyang'ana manja a drum major (wotsogolera bandi pabwalo), a kutsogolo azimvera ng'oma zochokera kumbuyo kwawo. Malipenga aloze m'mwamba kumene kuli anthu, osati pa udzu.

Nthawi yopuma pa masewera a makoleji ndi mphindi 20, ndipo mwina mugawana ndi bandi ya alendo. Konzani za mphindi 7 kapena 8, kulowa ndi kutuluka komwe. Nyimbo yoyamba ikhale yodziwika ndi yamphamvu, chifukwa munthu amasankha kunyamuka m'masekondi oyambirira. Chapakati imani pamalo amodzi, ng'oma zitenge bwalo, enanu muvine. Bandi ya Marching 100 ya yunivesite ya Florida A&M, yomwe William P. Foster anayamba kuitsogolera mu 1946, inatchuka ndi kuvina kotereku. Amene anaonerapo gule wa malipenga ku Nkhata Bay akudziwa kale kuti kuguba ndi kuvina zimakomerana.

Musaiwale kuti bandi imagwiranso ntchito ili pa mipando. Konzani tinyimbo ta masekondi 10 mpaka 20 toimba mpira ukaima, ndipo muleke osewera asanayambenso, poti malamulo amaletsa phokoso lolepheretsa timu kumvana, ndipo chilango chimagwera timu yanu. Pabwalo musalowe woimbira mpira asanathetse masewera. Mu 1982 bandi ya yunivesite ya Stanford inalowa msanga poganiza kuti apambana, wosewera wa timu ya California n'kudutsa pakati pawo ndi mpira, kugwetsa woimba lipenga la trombone, n'kupambanitsa timu yake.