Za magazi a alamu ndi mankhwala aja a hepcidin

Achemwali, ndamva voisi yanu. Pepani phokosoli, ndili pa renki ya Bree kudikira takisi. Mukuti alamu akumwa mapiritsi owonjezera magazi koma Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, sikukwera, ndiye mukufunsa ngati mankhwala otsekereza hepcidin omwe mwana wawona pa foni tingawagule konkuno ku Joni.

Ayi, musataye ndalama. Imvani kaye.

Hepcidin ndi homoni yomwe chiwindi chimapanga. Ntchito yake ndi kutseka khomo lomwe ayironi amadutsira pochoka m'matumbo kulowa m'magazi, lomwe amalitcha ferroportin. Munthu akadwala matenda okhalitsa, TB ngati ya alamuyi, HIV, impso, nyamakazi, chiwindi chimachulukitsa hepcidin. Ndipo chimatero mwadala, chifukwa tizilombo nato timafuna ayironi kuti tiswane, ndiye thupi limabisa ayironiyo. Ayironi alimo ndithu, koma watsekeredwa m'nkhokwe, m'chiwindi ndi m'kapamba, safika m'mafupa momwe magazi amapangidwira. N'chifukwa chake pa pepala la zotsatira mumapeza ferritin, yemwe amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, wakwera pomwe Hb ili pansi. Mapiritsiwo ambiri amangodutsa, chimbudzi n'kumada, basi.

Zoti asayansi akufufuza mankhwala otsekereza hepcidin n'zoona. Ina yotchedwa lexaptepid, yogwira hepcidin yeniyeniyo, inayesedwa pa kafukufuku, siili m'mafamase. Momelotinib anailoleza ku America mu 2023, imatsitsadi hepcidin, koma ndi ya myelofibrosis, mtundu wa khansa ya m'mafupa. Tocilizumab ya nyamakazi imatseka IL-6, yomwe imauza chiwindi kuti chipange hepcidin, koma imafooketsa chitetezo cha m'thupi. Kwa munthu wa TB imeneyo ndi ngozi, achemwali, ngakhale wina akulonjezeni pa WhatsApp kuti aipeza.

Kwa alamu, chotsitsa hepcidin ndi mankhwala a TB omwewo. Amalize miyezi 6 yonse osadumphitsa. Kutupa m'thupi kukamachepa, khomo lija limatseguka lokha, magazi n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono.

Tsiku la sikelo yawo ku kiliniki mupite nawo, muwapemphe adokotala aone ferritin ndi CRP (yosonyeza kutupa m'thupi), ndipo afunseni ngati mapiritsi a ayironiwo apitirize. Musawasiyitse nokha, pena munthu amakhala ndi zonse ziwiri, kutupa ndi kusowadi ayironi. Koma akayamba befu atangokhala, mtima kuthamanga, kapena chizungulire chogwetsa, musadikire deti, thamangirani nawo kuchipatala cha Helen Joseph. Takisi yadzadza, munditumizire chithunzi cha zotsatira zija ndiziwone madzulo.