Paipi ya mabuleki a ngolo ya boti ikayamba kudontha

FUNSO: Ndimakhala ku Highfield kuno ku Harare, ndipo ndili ndi boti laling'ono limene ndimalikoka pa ngolo popita kukawedza ku Chivero. Paipi ya mabuleki a ngoloyo yachita dzimbiri pafupi ndi matayala ndipo ikudontha mafuta. Makaniko wina akuti adula powolapo, alumikiza kachidutswa kena, kenako amanga ndi waya. Posachedwa ndikufuna kupita ku Kariba. Kodi ndimulole?

YANKHO: Bambo, musamulole. Dzimbiri limene mwaliona ndi lapoyera chabe, chifukwa ngolo imene imalowa m'madzi potsitsa boti imasunga chinyezi paliponse pamene paipi yakhudzana ndi chitsulo, ndipo mukapala ndi chikhadabo pansi pa zomangira zakale mudzapeza kuti pamenepo padyeka kale. Msewu wa ku Chivero ndi waufupi, koma popita ku Kariba, mukadutsa Chinhoyi ndi Karoi n'kukhota pa Makuti, mudzatsika mapiri okhotakhota boti likukankha galimoto kumbuyo, ndipo pamenepo ndi pamene chigamba chimaphulika. Chotsani paipi yonse, kuyambira pa pampu ya mabuleki ya kutsogolo kwa ngolo mpaka ku matayala.

Ngolo zambiri zimagwiritsa ntchito paipi ya mamilimita 4.75, koma tengani yakaleyo kusitolo kuti mukayerekeze, pamodzi ndi manati ake. Funsani paipi yosakaniza mkuwa ndi nickel, imene sichita dzimbiri msanga ndiponso imapindika mosavuta. Ya mkuwa wokhawokha, ngati ya mafiriji, imathetheka ikamagwedezeka. Nsonga za paipi yatsopanoyo zipindidwe kawiri ndi chida chake kuti zikhale bwino mu nati. Pamene paipi ikuchoka pa thupi la ngolo kupita ku matayala payenera kukhala paipi ya labala yopangidwira mabuleki, yotalika moti masipuling'i akatsika isakokeke.

Kamangidwe ndi kamene anthu ambiri amakapeputsa, chonsecho ndi kamene kamapha paipi yatsopano. Waya amacheka chitsulo pang'onopang'ono, ndipo tizingwe ta pulasitiki timauma ndi dzuwa n'kuduka. Gwiritsani ntchito zomangira zachitsulo zokhala ndi labala mkati, zomangidwa ndi bawuti, motalikirana masentimita pafupifupi 40, ndipo paipi idutse mbali ya mkati ya chitsulo cha ngolo kumene miyala siifika. Ikamadutsa pa bowo, valikani labala pa bowolo. Mukamaliza, igwedezeni ndi chala. Ikagunda chitsulo penapake, onjezani chomangira pamenepo.

Musagone pansi pa ngolo imene yangokhala pa jeke. Thirani mafuta atsopano a mtundu umene walembedwa pa chivindikiro cha pampu, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4, ochokera m'botolo losatsegula, pakuti mafuta amenewa amayamwa chinyezi, ndipo musawasakanize ndi DOT 5. Tulutsani mpweya m'mapaipi kuyambira tayala limene lili kutali kwambiri ndi pampu mpaka thovu litatha. Kenako yesani ngoloyo pa msewu wopanda magalimoto ambiri, boti lili pompo, ndipo mukaima pukutani nati iliyonse ndi kansalu koyera kuti muone ngati pali ponyowa.