Lumo lakale limene wogulitsa anati ndi la 1850 isanafike

Bambo,

Ndawerenga kalata yanu. Mukuti munagula lumo lakale lopinda, lometera ndevu, wogulitsa atalemba kuti linasulidwa ku Sheffield, mzinda wa ku England, chaka cha 1850 chisanafike. Koma patsinde la chitsulo, pafupi ndi chigwiriro, mwapeza mawu akuti "Sheffield, England". Mukufuna kudziwa ngati mungalibweze n'kulandira ndalama zanu.

Mawu awiriwo ndiwo umboni wanu woyamba. Lamulo la msonkho la ku America la 1890, McKinley Tariff, linkafuna kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dzina la dziko lomwe wachokera, ndipo kuyambira 1891 osula a ku Sheffield anayamba kuwonjezera "England". Lumo lolembedwa chonchi nthawi zambiri silikhala lakale monga anakuuzirani. Yang'ananinso chidindo cha wosula, poti bungwe la osula mipeni ndi malumo a ku Sheffield, lotchedwa Company of Cutlers in Hallamshire, lomwe linakhazikitsidwa mu 1624, linkalemba zidindozi m'kaundula. Chigwiriro chokha musachidalire, anthu amasintha chikathyoka.

Pamalamulo, nkhani yagona pa zomwe wogulitsa analemba. M'maiko ambiri katundu ayenera kufanana ndi momwe anamufotokozera pogulitsa. Ngati analemba mosapsatira kuti ndi la 1850 isanafike, muli ndi ufulu wolikana ndi kuitanitsa ndalama, ngakhale iyeyo sanadziwe kuti akulakwitsa. Ngati anangoti "ndikuganiza kuti", awo ndi maganizo chabe, ndipo mlandu wanu ufooka.

Chonde musalinole, musalipukute dzimbiri, musametere. Mukalisintha kapena kukhala nalo nthawi yaitali muli chete, khoti lingathe kunena kuti munalivomereza, ndipo ndimamva chisoni anthu akataya ufulu wawo chifukwa cha zimenezi. Sungani chithunzi cha malondawo, mauthenga onse ndi risiti. Katswiri wa malumo akale akulembereni maganizo ake papepala. Mukatero lemberani wogulitsa kalata yonena kuti mukulikana, mum'patse tsiku lomaliza lobwezera ndalama. Akakana, kasumeni kukhoti loona milandu ya ndalama zochepa.

Ngati chigwiriro ndi cha mnyanga wa njovu weniweni, musalitumize kudziko lina musanafunse za chilolezo, chifukwa pangano la CITES, la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, limakhudza ngakhale zinthu zakale. Nditumizireni zithunzi za mbali zonse ziwiri za tsindelo ndi mawu enieni a malondawo, tilembe kalatayo sabata ino.