Funsani za Mpira: Kodi Tikiti Yolowera M'bwalo Ikadali ya Munthu Wamba?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, ya mitengo ya matikiti oonerera mpira. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

Akonzi, ndimamva kuti matimu a mu Premier League amalandira ndalama zankhaninkhani kuchokera ku makampani oonetsa mpira pa kanema. Nanga matikiti akukwereranji chaka ndi chaka? — Wotsatira ligi ya ku England

Mwamva zoona, achimwene. Mgwirizano woonetsa masewero a ligiyi m'dziko la Britain mokha, kuyambira 2025 mpaka 2029, ndi wa mapaundi 6.7 biliyoni, kupatula zomwe amalipira makampani a m'mayiko ena. Mukaphatikiza ndalama za matimu onse 20, za pachipata sizikwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho wina akakuuzani kuti tikiti ikapanda kukwera timu igwa, mufunseni kuti awerengere pamaso panu.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Timu iliyonse imasewera masewero 19 a ligi pakhomo. Tiyerekeze kuti bwalo lake limalowa anthu 40,000 ndipo yawonjezera mapaundi 5 pa mpando uliwonse. Pakutha pa sizoni yapeza mapaundi 3.8 miliyoni oonjezera, msonkho usanachotsedwe. Ndalama imeneyo siikwana malipiro a pachaka a wosewera mmodzi yemwe amalandira mapaundi 100,000 pasabata. Kwa eni timu ndi ndalama yochepa, koma kwa bambo wolipirira mipando itatu ndi mapaundi 285 omwe achoka pa bajeti ya pakhomo.

Akukwezeranji tsono? Chachikulu n'chakuti mabwalo amadzaza, ndipo matimu akuluakulu ali ndi anthu zikwizikwi odikirira mpando, kotero wolephera kulipira akachoka wina amakhalapo tsiku lomwelo. China ndi malamulo a kayendetsedwe ka chuma. Lamulo lomwe linachotsetsa Everton ndi Nottingham Forest mapointi mu sizoni ya 2023/24 linkaletsa timu kuluza ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Europe, imafuna kuti zolipira osewera, aphunzitsi ndi zogulira osewera zisapitirire 70 peresenti ya zomwe timu yapeza. Ndalama za kanema zimakambidwa kamodzi pa zaka zingapo, pomwe mtengo wa pachipata mabwana akhoza kuusintha pa msonkhano umodzi. Palinso ngongole za mabwalo atsopano: la Tottenham, lomwe linatsegulidwa mu 2019, linadya pafupifupi mapaundi 1 biliyoni.

Koma muzu wake ndi wakale. Ngozi ya pa bwalo la Hillsborough ku England mu 1989, yomwe inaphetsa masapota 97 a Liverpool, inachititsa kuti mabwalo a matimu akuluakulu achotse malo oimirira n'kuika mipando yokhayokha pofika 1994. Chitetezo chinali chofunika, palibe angatsutse. Kungoti malo oimirira aja ndiwo anali otchipa, ndipo atachoka, malo a anthu m'mabwalo anachepa, mtengo wotsikitsitsa n'kukwera.

Ndili ndi ana awiri okonda mpira kwambiri. Ndingadziwe bwanji ngati ndingakwanitse kumapita nawo kubwalo, ndipo chabwino n'chiti, tikiti ya sizoni yonse kapena ya masewero amodziamodzi? — Bambo wa ana awiri

Bambo, musayambire pa mtengo wolembedwa pa tikiti, chifukwa umenewo ndi mutu chabe. Lembani zinthu izi papepala: tikiti ya wamkulu, matikiti a ana, ndalama ya umembala wa pachaka ngati timuyo imagulitsa kwa mamembala okha, kandalama kamene amawonjezera pogula pa intaneti (kawirikawiri kamakhala pa tikiti iliyonse, osati pa gulu lonse), thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndi chakudya. Ya umembala muigawe ndi chiwerengero cha masewero omwe mudzaonere. Mukapita kawiri kokha pachaka, theka la umembala wa anthu atatu limagwera pa ulendo umodzi, ndipo pamenepo ndi pomwe ambiri amadzidzimuka.

Tikiti ya sizoni imatchipa mukaigawa pa masewero onse, koma phindu lake limadalira kuti mudzapezekadi kangati. Gawani mtengo wake ndi mtengo wapakatikati wa tikiti ya tsiku limodzi. Yankho likakhala 14, ndiye kuti mukaonera masewero ochepera 14 mwaluza. Apa samalani ndi masewero omwe amasunthidwa chifukwa cha kanema. Amene munkayembekezera Loweruka masana akhoza kupita Lolemba usiku, ana mawa lake ali ndi sukulu. Funsaninso ngati masewero a zikho ali momwemo, pakuti nthawi zambiri amagulidwa paokha, komanso ngati timuyo ili ndi lamulo loti mpando ukakhala wopanda munthu kangapo simudzaloledwa kuugulanso chaka chamawa. Matimu angapo a ku England ali nalo lamulo limeneli.

Ngati thumba ndi loperewera, pali makomo otchipa. Matimu ambiri amagawa masewero m'magulu, ndipo okumana ndi timu yaing'ono amatsika kwambiri poyerekeza ndi a adani apachibale. Ndime zoyambirira za zikho, masewero a amayi ndi a achinyamata amatsikanso. Mbali ya mabanja imakhala ndi mtengo wa ana, koma imatha msanga, choncho dziwani tsiku ndi ola lomwe kugulitsa kukuyamba. Ndipo musangokhulupirira kuti mtengo wa ana ulipo chifukwa chaka chatha unalipo. Chakumapeto kwa 2024, Manchester United inaika mapaundi 66 pa matikiti omwe anatsala a sizoniyo, mwana ndi gogo kulipira chimodzimodzi ndi wina aliyense.

Mwana wanga akuti matikiti a World Cup ya 2026 alibe mtengo umodzi, umasinthasintha. Zimenezi zimatheka bwanji? — Mayi wodabwa

Mwanayo sakunama, mayi. Njirayi amaitcha dynamic pricing. Wogulitsa amaona kuchuluka kwa ofuna masewero akutiakuti ndi mipando yomwe yatsala, n'kumakweza kapena kutsitsa mtengo, monga zimakhalira ndi matikiti a ndege. Anthu awiri okhala moyandikana akhoza kukhala atalipira mosiyana kwambiri.

FIFA itayamba kugulitsa matikiti a mpikisano wa ku United States, Canada ndi Mexico mu 2025, inalengeza kuti otsikitsitsa a ndime ya m'magulu ayambira madola 60, ndipo apamwamba a fainolo madola 6,730. Vuto linali lakuti mipando ya madola 60 inali yochepa zedi. Mu December 2025, mitengo ya matikiti operekedwa kwa masapota a matimu a mayiko itadziwika, bungwe la masapota a ku Europe la Football Supporters Europe linadzudzula mwamphamvu, ndipo patangopita masiku ochepa FIFA inapatula kagawo ka matikiti a madola 60 pa masewero onse 104. Kanali kagawo kakang'ono, koma kanabwera chifukwa anthu anayankhula.

Kuti muone kusintha kwake, kumbukirani kuti mu 2010 anthu okhala ku South Africa ankagula matikiti otsikitsitsa pa 140 rand, ndipo mu 2022 okhala ku Qatar ankagula pa 40 riyal, omwe ndi pafupifupi madola 11.

Chinanso choti mudziwe ndi msika wa FIFA wogulitsiranapo matikiti. Pamenepo bungweli limadula 15 peresenti kwa wogulitsa ndi 15 peresenti kwa wogula. Tikiti ikaikidwa pa madola 200, wogula alipira 230, wogulitsa alandira 170, ndipo 60 yapita kwa mwini msika. Ife njira ya mitengo yosinthasintha sitigwirizana nayo pa mpira. Wokwera ndege akaona kuti kampani ina yadula amapita ku ina, koma sapota sangasinthe timu ya dziko lake.

Bwanji ku Germany anthu wamba amadzaza mabwalo pomwe ligi yawonso ndi yolemera? — Sapota wa Dortmund

Zifukwa ndi ziwiri. Ku Germany sanachotse malo oimirira. Bwalo la Borussia Dortmund limalowa anthu 81,365 pa masewero a ligi, ndipo pafupifupi 25,000 mwa iwo amaimirira mbali imodzi yotchedwa Südtribüne. Malo omwe angakhale mipando yochepa amalowa anthu ambiri akaimirira, choncho timu ikhoza kutsitsa mtengo osaluza kwenikweni. Pa matimu ambiri a kumeneko tikiti imagwiranso ntchito ngati chiphaso chokwerera sitima ndi basi za mumzinda tsiku la masewero.

Chachiwiri ndi lamulo la 50+1, lomwe limati mamembala a kalabu akhale ndi mavoti ambiri kuposa wamalonda aliyense. Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg anapatsidwa chilolezo chapadera chifukwa makampani awo akhala akuwathandiza kwa zaka zambiri, koma m'makalabu ena ambiri mtsogoleri wokweza mitengo mopyola amakakumana ndi ogula matikitiwo pa tsiku la chisankho. Fortuna Düsseldorf inafika poyesa zina mu sizoni ya 2023/24, kulowetsa anthu ulere pa masewero atatu apakhomo, ndalama zake n'kulipira makampani othandiza timu.

Timadandaula chaka chilichonse koma palibe chosintha. Kodi pali pomwe masapota anapambanapo? — Wotopa ndi kudandaula

Alipo malo angapo, ndipo m'pofunika kuona momwe anachitira. Pa 6 February 2016, masapota a Liverpool pafupifupi 10,000 ananyamuka n'kutuluka m'bwalo lawo la Anfield pa mphindi ya 77, kukana tikiti ya mapaundi 77 yomwe eni timu ankafuna kuyambitsa. Timu yawo inali ikutsogola 2-0 pa Sunderland, ndipo masewero anatha 2-2. Sabata isanathe, eni ake anapepesa n'kusiya ganizolo. Mwezi womwewo masapota a Dortmund anaponya timipira ta tenesi m'bwalo ku Stuttgart podandaula zomwezo.

Mu March chaka chomwecho, matimu a Premier League anagwirizana kuti sapota wopita koyenda asalipire zoposa mapaundi 30. Izi zinatsatira kampeni yomwe bungwe la masapota linayamba mu 2013 yofuna mapaundi 20. Sanapeze zonse zomwe ankafuna, koma malire a 30 aja akhalapo zaka zambiri pomwe mitengo ina yonse ikukwera. UEFA nayo inaika malire a mayuro 70 kwa masapota oyenda mu Champions League mu 2019, ndipo inawatsitsa kufika pa 60 mu 2024. Mu 2025 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira mpira wa ku England. Silikhazikitsa mitengo, koma matimu akuyenera kumakambirana ndi masapota awo pa nkhani ya matikiti.

Mukaonetsetsa, opambanawa anachita zofanana. Anatchula nambala yeniyeni, sanangoti matikiti adula. Anachita zinthu zooneka pa kanema, pakuti mipando yopanda anthu imaipitsa malonda omwe ligi imagulitsa kunja. Ndipo masapota a matimu odana anagwirana manja, monga zinachitikiranso mu 2024 pomwe a Liverpool, Everton, Manchester United ndi Manchester City ananyamula nsalu za uthenga umodzi. Komwe zimalephereka n'komwe a matikiti a sizoni amangomenyera mtengo wawo okha. Timu imawasiyira mtengo wakale kuti akhale chete, n'kukweza wa tsiku limodzi, ndipo wovutika amakhala wachinyamata yemwe sanakhalepo ndi mpando wakewake. Pokambirana ndi timu, funsani mtengo wotsikitsitsa ndi kuchuluka kwa mipando yogulitsidwa pa mtengowo, chifukwa mawu oti "kuyambira pa" akhoza kutanthauza mipando makumi angapo yakuseri kwa chipilala.

Matikiti akatha pa timu, ndimaona ena akugulitsa pa intaneti kapena panja pa bwalo. Ndigule? — Wofuna kukaonera kamodzi kokha

Ayi, achimwene, pokhapokha ngati ndi pamsika wovomerezeka wa timuyo. Ku England ndi Wales, lamulo la 1994 limaletsa kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha okonza masewero, n'chifukwa chake makampani ambiri ochita malondawa amakhala kunja kwa dzikolo, komwe kubweza ndalama zanu n'kovuta.

Zimene zimalakwika ndi izi. Matikiti ambiri masiku ano amakhala mu foni, ndipo kachizindikiro kake kamagwira kamodzi kokha pachipata. Kamberembere akhoza kutumiza chithunzi chimodzi kwa anthu asanu, woyamba n'kulowa, anayi n'kubwezedwa. Matikiti ena amafuna kugunditsa foni pamakina kapena ali ndi kachizindikiro kosinthasintha, kotero chithunzi sichitsegula n'komwe. Timu ikazindikira kuti tikiti yagulitsidwa mozemba imaithetsa osakuuzani. Ndipo mukhoza kupezeka mwakhala pakati pa masapota a timu ina, kumene mukangokuwa chigoli a chitetezo amakutulutsani.

Njira yabwino ndi kulowa umembala wotsikitsitsa sizoni isanayambe, kenako n'kumayang'ana pamsika wa timu pomwe a matikiti a sizoni amabwezerapo mipando yawo pa mtengo wa timu. Mipando imachuluka masiku awiri kapena atatu omaliza, anthu akadziwa kuti sapita. Lipirani ndi khadi, osati kutumiza ndalama mwachindunji ku akaunti ya munthu, kuti banki ikhale ndi pogwira zikavuta. Ikani tikitiyo mu foni musanachoke kunyumba ndipo batire likhale lodzaza, pakuti netiweki ya pabwalo imavuta anthu akachuluka. Ngati ulendo wake ndi wautali, musagule tikiti ya ndege kapena ya sitima yosasinthika mpaka tsiku ndi ola la masewero zitatsimikizidwa ndi ligi, zomwe ku England zimachitika masabata angapo masewerowo asanafike.