Ana akulemba malamulo m'malo mwa malangizo

Mphunzitsi wina wa Chingerezi wandilembera imelo. Akuti ophunzira ake akawauza kuti alembe malangizo, chiganizo chilichonse chimayamba ndi "You should", ndiye akufunsa kuti atani. Aphunzitsi, mwandikhudza pachilonda, chifukwa nkhondo imeneyi nanenso ndalimbana nayo kwa nthawi yaitali.

Tsiku lina ndinapatsa ana kalata ya mtsikana wodandaula kuti mnzake wapamtima wangosiya kumuyankhula popanda chifukwa. Ndinati amuyankhe. Mnyamata wina wanzeru kwabasi, yemwe galamala simuvuta, anadzaza ndime yonse: "You should pray. You should study hard. You should respect your parents. You must avoid bad company." Cholembera changa chofiira chinasowa pogwira, Chingerezi chinali chowongoka bwinobwino. Koma mnzake wosiya kuyankhula uja sanatchulidwe n'komwe! Nditamufunsa kuti makolo alowamo bwanji m'nkhaniyi, anangoti, "Malangizo amalembedwa chonchi, Sa." Anzake onse n'kugwedeza mitu kuvomereza. Madzulo ake ndikuchonga makope ena aja, ndinapeza kuti ambiri mwa mayankhowo ukanatha kuwapereka kwa munthu wodwala dzino, osasintha liwu ndi limodzi lomwe.

Choncho ine ndikukana kuti vuto ndi "should". Mwana sanawerenge kalatayo, basi. Ndipo ndinenetse: kuyamba phunziroli ndi kundandalika should, ought to ndi had better pa bolodi n'kuwononga choko. Mwana amaloweza mndandandawo, kenako amafunafuna poukhuthulira. Mabuku ena amaika mawu atatuwa pamodzi ngati ndi ofanana mphamvu, pomwe "had better" amabwera ndi chenjezo. Munthu akakuuza kuti "You'd better leave now", akutanthauza kuti ukapanda kuchoka uona zakuda. Ungalankhule choncho kwa mtsikana amene akulira?

Pajatu kuyankha makalata a anthu ofuna malangizo si kwa lero. Mu 1691, ku London, John Dunton anayambitsa nyuzipepala ya Athenian Mercury, yomwe inkayankha mafunso ochokera kwa owerenga, ena a zachikondi, ena a zachipembedzo, ena a zasayansi. Funso la munthu ndi lomwe linkatsogola, yankho n'kumatsatira pambuyo. Ife m'kalasi tinatembenuza zinthu, yankho limakhala lokonzakonza funso lisanafike.

Ndiye mutani?

Apatseni kalata yokhala ndi vuto limodzi lomveka bwino, ndipo asanalembe kanthu ajambule mzere kunsi kwa chomwe wolembayo akudandaula. Chiganizo choyamba chisonyeze kuti amva, monga "I'm sorry to hear that your friend has stopped talking to you." Malangizo akhale awiri kapena atatu okha, lililonse ndi chifukwa chake, mwana amene walephera kupitiriza ndi "because" ndiye kuti langizolo n'lopanda mutu. Zikatero m'pamene mungawaonetse "If I were you, I would…", "Why don't you…?" ndi "You could try…" kuti asinthesinthe.

Koma "an advice" ndi "you should to go" musazilekerere. Chingerezi chimati "some advice" kapena "a piece of advice", ndipo "to" amayenda ndi "ought", osati "should".